Jenereta ili chete koma mwini wake akulandira ndalama: tiziilipira bwanji?

Loweruka lapitali ndinapita kuchigayo ndi thumba la chimanga cha mayi anga. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, ndiye zigayo ziwiri za pamsika zinali zii. Tonse tinakhamukira kwa bambo uja wa chigayo cha dizilo, kuseri kwa depoti. Masiku omwe magetsi alipo, pakhomo pake pamangodutsa nkhuku. Koma tsiku limeneli mzere unafika kumsewu, ndipo mtengo wa ndowa anali atawukweza.

Mayi wina analephera kupirira. "Bambo, mwakweza bwanji chonchi? Dizilo wakwera usiku womwewu?"

Mkuluyo sanakwiye. "Mayi, injini iyi ndimaisamalira mwezi wonse, inu mumaikumbukira magetsi akathima basi. Masiku enawo ana anga azidya chiyani?"

Anthu anaseka, ine ndinasekanso. Koma pobwerera ndinkangoganiza kuti funso la bamboyu ndi lomwelija lomwe likuzunguza mitu akuluakulu a zamagetsi ku America pakadali pano, ndipo kumeneko sakukangana za ndowa, akukangana za mabiliyoni a madola. Ndiye lero ndiloleni ndichoke pang'ono pa nkhani za ngalande ndi zinyalala za m'tauni mwathu muno. Tibwerera kwathu kuno kumapeto.

Choyamba timvetsetsane chinthu chimodzi. Magetsi sali ngati chimanga choti ukolola n'kuika m'nkhokwe. Mabatire alipo, inde, koma amasunga zochepa poyerekeza ndi zomwe dziko limafuna. Magetsi omwe foni yanu ikutchaja panopa akupangidwa nthawi yomwe ino. Ndipo anthu sitifuna magetsi mofanana nthawi zonse. Pakati pa usiku n'zochepa, madzulo aliyense akayatsa kuka, ayironi ndi TV n'zambiri. Kumayiko ozizira kumakhala masiku ochepa pachaka omwe kumazizira koopsa, aliyense n'kuyatsa zotenthetsera m'nyumba. Kuti magetsi asathime pa masiku amenewo, pamayenera kukhala makina ena omwe chaka chonse amangokhala phee, kudikira. Makina otere amafuna antchito, sevisi, inshuwalansi, ndi kubweza ngongole yomwe anamangira. Ngati mwini wake angalipidwe pa mayunitsi omwe wagulitsa basi, atseka n'kumapita.

Njira zothetsera vutoli zilipo ziwiri zikuluzikulu. Ina ndi ya bambo wa chigayo uja: musamulipire kanthu akakhala chete, koma tsiku la mavuto mumulole akweze mtengo mpaka abweze za masiku onse. Inayo ndi ya mlonda: mumamulipira mwezi ndi mwezi, kaya wakuba wabwera kaya sanabwere, chifukwa chomwe mukugula n'choti akhalepo.

Texas inasankha njira ya chigayo. Msika wa kumeneko, womwe umayendetsedwa ndi bungwe la ERCOT, sulipira munthu chifukwa chongokhala ndi makina. Umalipira magetsi omwe aperekedwa, koma zinthu zikavuta mtengo umaloledwa kuuluka. Mu February 2021 kunagwa chisanu choopsa. Mapaipi a gasi ndi zipangizo za m'malo opangira magetsi zinauma ndi kuzizira, nyumba zoposa 4 miliyoni zinakhala mumdima, ndipo boma la Texas linawerenga anthu 246 omwe anamwalira. Kwa masiku anayi mtengo wa pamsika wa pikulitsa unaima pa madola 9,000 pa megawati imodzi pa ola limodzi. Kuti mumve bwino, amenewo ndi madola 9 pa yunitsi imodzi, yunitsi yomweyi timagula pa foni ija. Masiku wamba yunitsi yomweyo pamsikawo imagulidwa masenti ochepa chabe. Anthu ena omwe mabilu awo ankatsata mtengo wa pamsika analandira mabilu a madola masauzande pa sabata imodzi. Mtengo unakwera mpaka kumwamba, koma mtengo sungasungunule paipi yomwe yauma. Pambuyo pake anatsitsa denga lija kufika pa madola 5,000.

Ndiye mwina mukuti, basitu, njira ya mlonda ndiye yabwino. Dikirani kaye.

Chitsanzo chachikulu cha njira ya mlonda ndi PJM. Ili ndi bungwe lomwe limayendetsa nyambo zikuluzikulu ndi msika wa magetsi m'madera 13 a America komanso mu Washington DC, komwe kumakhala anthu oposa 65 miliyoni. Dzinalo linachokera ku Pennsylvania, New Jersey ndi Maryland, komwe linayambira. PJM ilibe makina opangira magetsi. Ntchito yake n'kuonetsetsa kuti magetsi akukwanira, ndipo kuyambira 2007 yakhala ikuchititsa okushoni yomwe kumeneko amaitcha capacity market.

Okushoni yake ndi yotembenuza, si ngati ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe komwe ogula amapikisana pokweza. Apa PJM imayamba yawerengera kuti pa tsiku loipitsitsa la chaka chakutichakuti padzafunika mamegawati angati, n'kuwonjezerapo ena apadera. Kenako eni makina amanena kuti, ine ndikulonjeza kukhalapo ndi mamegawati akuti mukandilipira zakuti pa tsiku. PJM imayamba kutenga otchipa, n'kumakwera, mpaka chiwerengero chikwane. Mtengo wa womaliza kutengedwa ndiwo amalandira onse, ngakhale uja anapempha zochepa. Ngakhale fakitale yomwe yalonjeza kuti izidzazimitsa makina ake zinthu zikavuta imatha kulowa nawo n'kulipidwa, chifukwa megawati yomwe sinagwiritsidwe ntchito ndi chimodzimodzi yomwe yapangidwa. Ndalama zonsezi zimachokera kwa makampani ogulitsa magetsi, ndipo iwowo amazitenga m'bilu ya munthu wamba. Dziwaninso kuti izi ndi ndalama zongokhalirapo. Makinawo akalira n'kupanga magetsi, amalipidwanso padera.

Vuto la mlonda tonse timalidziwa: amatha kulandira malipiro chaka chonse, tsiku lomwe akuba abwera n'kupezeka ali mtulo. Mu January 2014 kunazizira kwambiri kum'mawa kwa America, ndipo pa tsiku loipitsitsa makina okwana 22 peresenti ya mphamvu zonse za PJM analephera kugwira ntchito. Ena anakana kulira, ena analibe gasi. Anali atalandira kale ndalama zokhalirapo, ndipo chilango chomwe chinalipo chinali chongosisita. Mu 2015 malamulo anasintha. Anati tsopano ukalonjeza n'kulephera pa nthawi ya ngozi, ulipira chindapusa chowawa, ndipo ndalamazo zipita kwa anzako omwe anapereka kuposa zomwe analonjeza. Kuzizira kapena kusowa gasi sikunalinso chowiringula.

Papepala zinali bwino. Mayeso enieni anabwera pa 23 ndi 24 December 2022, pomwe chimphepo chozizira chotchedwa Elliott chinawomba anthu akukonzekera Khirisimasi. Mamegawati pafupifupi 46,000 anasowa, ambiri mwa iwo a makina a gasi. PJM inapulumuka osathimitsira anthu magetsi mwadala, koma inapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Itawerengera, zindapusa zinafika pafupifupi madola 1.8 biliyoni. Mukuganiza kuti makampani anangolipira? Ayi ndithu. Anathamangira ku FERC, bungwe la boma loyang'anira misika imeneyi, ndi madandaulo ambirimbiri. Ena ankati PJM inalosera molakwika kuchuluka kwa magetsi ofunika, ena ankati sinawachenjeze nthawi yabwino kuti agule gasi. Mapeto ake anagwirizana kunja, ndipo zindapusa zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kufika cha m'ma 1.2 biliyoni.

Apa ndi pomwe ine ndimaima n'kupukusa mutu. Malipiro okhalirapo amabwera tsiku ndi tsiku popanda mkangano. Chilango chimabwera kamodzi pa zaka zingapo, ndipo chikabwera pamadzadza maloya. Sindikunena kuti makampaniwo analibiretu mfundo. Chindapusa chikakula mpaka kugwetsa kampani, mawa lake mlonda mulibiretu. Koma aliyense woona anaphunzirapo kuti chilango chimakambidwa.

Tsopano tifike pa zomwe zautsa mapiri pachigwa. Okushoni ya chaka cha 2024/2025 inatha pa madola 28.92 pa megawati imodzi pa tsiku. Yotsatira, yomwe zotsatira zake zinatuluka mu July 2024, inatha pa madola 269.92. Kukwera koposa ka 9 ulendo umodzi. Kudera la Baltimore mtengo unafika pa 466.35, ndipo kudera la kampani ya Dominion ku Virginia pa 444.26. Bilu yonse inachoka pa madola 2.2 biliyoni kufika pa 14.7 biliyoni. Tiyerekeze kuti muli ndi makina omwe akuwerengedwa mamegawati 100. Chaka choyambacho mukanalandira madola 1 miliyoni ndi pang'ono. Chaka chotsatira, makina omwewo, pamalo pomwepo, osawonjezera ngakhale bawuti imodzi, pafupifupi madola 10 miliyoni.

Chinachitika n'chiyani? Zinthu zingapo zinakumana. Malo akale opangira magetsi ndi malasha akhala akutsekedwa. Atsopano, makamaka a dzuwa, mphepo ndi mabatire, akhala pamzere zaka zambiri kudikira chilolezo cholumikizidwa ku nyambo. Kufunika kwa magetsi, komwe kunaima malo amodzi kwa zaka zambiri, kwayamba kukwera chifukwa cha zinyumba zikuluzikulu zodzadza makompyuta zomwe amati data centre. Kumpoto kwa Virginia kuli zambiri kuposa kwina kulikonse padziko, ndipo AI yawonjezera moto. Inde anzanga, mavidiyo timaonera pa TikTok ndi zithunzi timasunga pa Facebook zimakhala m'nyumba zoterezi, ndipo zimadya magetsi usana ndi usiku. Bungwe loima palokha lomwe limayang'anira msika wa PJM lanena poyera kuti ma data centre ndiwo gwero lalikulu la kukwera kwa mitengoyi.

Koma pali chifukwa china chomwe anthu ambiri amachidumpha, ndipo kwa ine ndi chomwe chili ndi phunziro. Elliott itadutsa, PJM inasintha kawerengedwe. Kale makina a gasi ankawerengedwa pafupifupi mphamvu zawo zonse. Tsopano mtundu uliwonse wa makina umawerengedwa potengera momwe umachitira pa maola oopsa enieni. A gasi anatsitsidwa, a dzuwa anatsitsidwa kwambiri chifukwa ngozi yaikulu imabwera m'mawa wa nyengo yozizira dzuwa lisanatuluke. Makina anali omwewo, koma mamegawati a papepala anachepa, mtengo n'kukwera. Kunena kwina, mbali ina ya mtengo wotsika uja inali yabodza. Anthu ankalipira zochepa chifukwa ankawerengera alonda omwe usiku wa akuba sakanadzuka.

Anthu wamba anazimva m'thumba kuyambira June 2025. Ku New Jersey mabilu a m'nyumba anakwera ndi pakati pa 17 ndi 20 peresenti, ndipo nkhani ya magetsi inalowa mpaka mu kampeni ya chisankho cha bwanamkubwa. Bwanamkubwa wa Pennsylvania, Josh Shapiro, anali atakadandaula kale ku FERC mu December 2024, ndipo anagwirizana ndi PJM kuti pa maokushoni awiri otsatira pakhale denga komanso pansi pa mtengo. Okushoni ya July 2025 inakagunda dengalo, pa madola 329.17. Ya December 2025 inagundanso, pa 333.44, ndipo ulendo uno mamegawati omwe anapezeka anaperewera ndi pafupifupi 6,600 pa mlingo womwe PJM imafuna.

Oikira kumbuyo msikawu amati mtengo wokwera ndi uthenga: ukuuza amalonda kuti mangani makina atsopano, ndalama zilipo. Mfundoyi ndi yomveka, koma ili ndi bowo. Okushoniyi inapangidwa kuti izichitika zaka zitatu chaka chake chisanafike, kuti womanga apeze nthawi. Chifukwa cha mikangano ya malamulo, maokushoni anachedwa mpaka ya July 2024 inachitika kutatsala miyezi yosakwana 12. Ndani angamange malo opangira magetsi m'miyezi 11, pomwe mzere wa chilolezo wokha umatenga zaka? Ndiye ndalama zambirizo zinangopita kwa omwe anali ndi makina kale. Komanso mtengo umakhala wa chaka chimodzi, pomwe ngongole yomangira ndi ya zaka 20. Ku Britain, komwe msika wotere unayamba mu 2014, anaganizapo pamenepa: makina atsopano amatha kupeza mgwirizano wa zaka mpaka 15, akale chaka chimodzi.

Denga la a Shapiro nalo ndimaliona ngati panado. Lathandiza mabilu, palibe angatsutse. Koma silinawonjezere megawati ngakhale imodzi.

Tibwerere kwathu. Kuno tilibe okushoni yotere, ndipo sindikunena kuti tiyambitse mawa. Msika wathu ndi waung'ono, ndipo wogula wamkulu ndi mmodzi. Kuyambira 2017, pomwe EGENCO inapatulidwa ku ESCOM, wina amapanga magetsi, wina amagula n'kugawa, ndipo MERA ndiyo imavomereza mitengo yomwe ife timalipira. Pali makampani enanso omwe amagulitsa, monga a dzuwa ku Salima ndi ku Golomoti. Zonsezi zimayenda ndi mapangano olembedwa, ndipo mapangano a magetsi padziko lonse kawirikawiri amakhala ndi mbali ziwiri: ndalama za magetsi omwe aperekedwa, ndi ndalama zoti makinawo akhalepo okonzeka. Funso la mlonda lija ndiye lilipo kwathu kuno, kungoti silichitikira pa okushoni yomwe zotsatira zake aliyense amaziwerenga. Limachitikira m'chipinda cha misonkhano.

Ndipo ife tikudziwa bwino mtengo wosakhala ndi mlonda. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Madzi atachepa m'nyanja cha m'ma 2016 ndi 2017, tinkakhala mumdima tsiku lathunthu, mpaka dziko linabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko okwana mamegawati 78. Magetsi a dizilo ndi odula, ndipo wobwereka mothamanga sakhala ndi mphamvu zonenerera. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka usiku umodzi, ndipo zinatenga kupitirira chaka kuti abwerere. Amene munali ndi saluni, shopu yowotcherera zitsulo kapena firiji ya mafirizesi nthawi imeneyo simukufunika kukumbutsidwa. Ambiri munagula kajenereta kanu kapena sola. Pamenepo munalipira magetsi apadera ndi ndalama za m'thumba mwanu, aliyense payekhapayekha, yomwe ndi njira yodula kuposa zonse.

Choncho ndikamva munthu pa WhatsApp akukuwa kuti "akulipira makina osagwira ntchito, kuba kumeneko!", ndimati pang'onopang'ono aise. Kulipira makina omwe ali chete si kuba pakokha. Kungakhale nzeru, ngati makinawo adzalire tsiku lomwe tawafuna. Kuba kumayamba pomwe tikulipira mamegawati omwe analembedwa pa chikwangwani cha makinawo tsiku logula, pomwe enieni omwe angatuluke lero ndi ochepa chifukwa madzi atsika, matope ndi namasupuni zatseka, injini ina inafa kalekale, kapena m'thanki mulibe dizilo. Ku PJM, ndi maloya awo onse ndi akatswiri awo onse, zinawatengera 2014 ndi 2022 kuti avomere kuti megawati ya papepala ndi ya usiku wozizira n'zosiyana. Ife tili ndi mwayi wophunzira pa ndalama za eni ake.

Zikubwerazi ndiye zikufuna maso kwambiri. Nyambo yochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kudzafika ku Phombeya ku Balaka ndi khomo lathu lolowera pamsika wa magetsi wa mayiko a kum'mwera kwa Africa, wa SAPP. Mabatire akuluakulu nawonso ayamba kulowa, ndipo batire ndiye mlonda weniweni: silipanga magetsi, ntchito yake n'kukhala lokonzeka. Sola ikamachuluka, madzulo dzuwa likalowa pamafunika wina wonyamula katunduyo, ndipo ameneyo adzafuna kulipidwa ngakhale masana akhale chete. Mapangano a zinthu zimenezi amakhala a zaka zambiri, ena m'madola, pomwe ife timalandira makwacha. Omwe muli ku sekondale lero mudzakhala mukuwalipirabe muli ndi ana anu.

MERA imachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu ESCOM ikapempha mitengo yatsopano ya zaka zingapo. Nthawi zambiri kumapita a mabungwe ndi a mafakitale, achinyamata timangotukwana pa Facebook zitatha kale. Ulendo wotsatira ine ndikapita, ndipo mafunso anga ndalemba kale mufoni. Pa yunitsi iliyonse yomwe ndimagula, ndi ndalama zingati zomwe zikupita kwa makina ongodikira? Mamegawati omwe tikulipirawo amayesedwa kangati pachaka, ndipo amayesa ndani, mwini makina kapena munthu wapadera? Wolonjeza akalephera, amadulidwa zingati, ndipo chilipo chaka chomwe wina anadulidwapo? Ngati wogula ndiye walephera kutenga magetsi chifukwa nyambo zagwa, bilu imeneyo imagwera ndani?

Za chigayo zija, ufa ndinabwera nawo madzulo, nditalipira mtengo wokwerawo. Ndisananyamuke ndinamufunsa mkulu uja ngati angavomere kuti anthu a m'dera lathu tizimupatsa kangachepe mwezi uliwonse, iye asamakweze magetsi akathima. Anaganiza pang'ono n'kuti angavomere. Nditamufunsa kuti nanga tikadzabwera n'kupeza injini yafa adzatibwezera zingati, anaseka n'kuitana wotsatira pamzere.